Lawi la pamwamba pa chitsulo ndi nthunzi yoliweta

Abale anga, chithunzi ndinatumiza chija chinakuopsani, ena mpaka kundifunsa ngati fakitale yathu ikupsa. Siikupsa ayi. Chitsulo chachitali chokhala ndi lawi kumutu chija timachitcha flare. Pamalo oyenga mafuta ngati kuno ndikugwira ntchito, gasi akachuluka m'mapaipi amayenera kutulutsidwa msanga n'kuwotchedwa kutali ndi anthu, apo ayi zinthu zingaphulike.

Tsiku loyamba kutumidwa chapafupi ndi flare, nkhope inkangowawuka pomwe motowo unali kutalitali m'mwamba. Bambo wina amene wakalambira pantchitoyi ndiye anandimasulira. Gasi akamapsa mpweya uli wochepa, mumabadwa mwaye. Timibulu ta mwayeto timafiira m'kati mwa lawi, n'kuliwalitsa chikasu, ndipo nditomwe timaponya kutentha kwambiri pansi.

Apa ndiye pamalowa nthunzi. Imachokera kuboyila, n'kukwera ndi paipi yake mpaka kumutu kwa flare, kumene imatuluka mwamphamvu kudzera m'timabowo tozungulira. Potulukapo imakoka mpweya n'kuusakaniza ndi gasi. Ndinadzionera ndekha akuwonjezera nthunzi: utsi wakuda bii unatha, lawi linafupika n'kuyera, ndipo pakhungu panamveka kupepuka. Chovuta chake ndi phokoso, moti popanda zotseka m'makutu sungakhalepo.

Kutenthako kuli ndi muyeso. Malangizo a API 521, a bungwe la makampani a mafuta ku America, amati pamalo oti munthu azigwirapo ntchito nthawi yaitali pasapitirire 1.58 kW (muyeso wa mphamvu ya kutentha) pa sikweya mita. Pakafika 4.73, ungakhalepo mphindi ziwiri kapena zitatu basi, utavala zodziteteza. Dzuwa la masana palokha limafika pafupifupi 1, ndiye onani kuti malire akewo ndi ochepa bwanji.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthunzi ikapyola muyeso imaziziritsa moto, gasi wina n'kuuluka osapsa. Kumwamba kumaoneka koyera, oyandikana nafe sadandaula za utsi, koma akupuma zimene zinayenera kupsa. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la EPA, loteteza chilengedwe ku America, linakhwimitsa malamulo a ma flare a m'malo oyenga mafuta, kuti gasi asasungunulidwe ndi nthunzi mopitirira. Ine ndikaona flare yopanda lawi looneka koma ikulira kwambiri, mtima sukhala m'malo. Bola kalawi kachikasu kazioneka ndithu.

Pakachitika ngozi yeniyeni, gasi amatuluka wambiri kuposa amene nthunzi ingathane naye. Pamenepo utsi umabwerera, kutentha kumakwera, ndipo belu likangolira tonse timachoka pansi pake n'kukasonkhana pamalo amene anatiuza.