Wodwala shuga ndi chithokomiro: mapiritsi, ayodini wa radiation kapena opaleshoni?

Chithokomiro chikayamba kugwira ntchito mopyola muyeso mwa munthu wodwala shuga, shugayo amavuta kutsika, chifukwa chiwindi chimatulutsa shuga wambiri ndipo insulini imatha msanga m'thupi. Choncho chithandizo chilichonse chofooketsa chithokomiro chimasinthanso mlingo wa mankhwala a shuga amene munthu akufunikira.

Mapiritsi a carbimazole, ochepetsa mphamvu ya chithokomiro, amamwedwa kwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo ubwino wake ndi wakuti dokotala angathe kuwonjezera kapena kuchepetsa mlingo, motero shuga amasintha pang'onopang'ono. Kuipa kwake, pafupifupi theka la odwala matendawo amawabwerera akasiya kumwa.

Ayodini wa radiation, mankhwala owononga chithokomiro pang'onopang'ono, amene madokotala anayamba kuchizira chithokomiro ku Boston mu 1941, kawirikawiri amamwedwa kamodzi kokha, koma wodwala shuga ayenera kusamala naye kuposa njira zinazi. M'masabata oyamba chithokomiro chingatulutse mahomoni amene chinasunga, shuga n'kukwera, makamaka ngati munthu wapatsidwanso mankhwala a prednisolone poteteza maso. Ngozi yeniyeni imadza pakati pa mwezi wachiwiri ndi wachisanu ndi chimodzi, pamene chithokomiro chafooka koma munthu akudzibayabe insulini ya mlingo wakale uja. Ndikuganiza za mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, amene amalawirira kumunda asanadye kanthu: shuga wake angatsike mwadzidzidzi ali kutali ndi anthu, ndipo ngati akumwa propranolol, mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima, kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene kukanamuchenjeza sikuonekera bwino. Ambiri olandira ayodini amadzamwa levothyroxine, mapiritsi olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, moyo wawo wonse, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa saloledwa kulandira ayodiniyu.

Opaleshoni imathetsa vutoli msanga, koma imafuna kuti chithokomiro ndi shuga zikhale zitakhazikika kale, popeza bala la munthu wa shuga wokwera limachedwa kupola.

Kwa ine, amene ali ndi kamakina koyezera shuga kunyumba, ndipo angathe kumafika ku chipatala cha mumzinda wa Tete kukayezetsa magazi nthawi iliyonse imene dokotala wanena, ayodini amuyenera. Koma amene amakhala kutali, monga ku Furancungo kapena kumidzi ya ku Angónia, ndipo nthawi ya mvula ulendo umamukanika, ndi bwino ayambe wakambirana ndi dokotala za mapiritsi.