Televizioni inafika chikho chitapita kale ku Songo

Ndikulemba ndili kwathu ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, patchuthi. Papita zaka zambiri ndikutumiza ndalama ndi katundu kuchokera ku Joni, koma ulendo uno m'pamene ndakhala pa benchi ya ajenti wa ndalama za pafoni ku Vila Ulónguè m'mawa wathunthu, kuonerera mmene ndalama zathu zimafikira m'manja mwa eni ake. Ife tikalipira pa tilu, foni n'kulira, timati basi zatheka. Kuno nkhani imakhala ikungoyamba kumene.

Amene anandiphunzitsa zonsezi ndi mpira. Bambo anga ku Songo sanapondeko, Chinyungwe chawo n'cha moni basi, koma União Desportiva do Songo, timu ya m'chigawo chathu cha Tete, amaitchula kuti "anyamata athu". Simungawadzudzule. Chiyambire Taça de Moçambique mu 1978, chikhochi chinkangozungulira kwambiri m'manja mwa matimu a ku Maputo, makamaka Costa do Sol. Chingale ya mumzinda wa Tete inafikapo m'fainolo, chikho n'kuipulumuka. Ndiye mu 2016, Songo italowa fainolo yokumana ndi Maxaquene, mkuluyo anandiimbira usiku, chinthu chimene sachita chifukwa amaumira mayunitsi. Anati: "Iwe, moyo wanga wonse mpira ndauonera ndi makutu. Uno wokha ndikufuna ndiuone ndi maso."

M'mawa mwake ndinagula televizioni, solala ndi batire. Ndinamanga bwinobwino m'makatoni, mabulangete awiri mkati, n'kupita nazo kwa transipota wina cha kufupi ndi Park Station. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, ngati amadutsa ku Tete. Anaseka. "Achimwene, Tete ndi pakhomo, timadutsapo sabata iliyonse." Sananame ayi, wopusa ndinali ine.

Amene simunayendepo msewu umenewu mvetsani. Galimoto ikachoka ku Johannesburg imalowa Zimbabwe pa Beitbridge, kudutsa Harare, kutulukira pa Nyamapanda, kwathu n'kulowera pa Cuchamano. Kenako Changara, mzinda wa Tete, kuwoloka Zambezi, Moatize. Mpaka apa tonse ndife a ulendo umodzi. Pa Mussacama m'pamene njira zimasiyana. Wopita ku Blantyre amalunjika ku Zóbuè n'kukalowa Malawi pa Mwanza. Wopita ku Lilongwe amakhota, kukwera mapiri a kwathu, kudutsa cha ku Ulónguè mpaka Calómuè, tsidya lake Dedza. Transipota wanga anali wa ku Blantyre. Kuwonjezera apo, katundu yense m'ngolo yake analembedwa kuti ngwodutsa, wopita ku Malawi, ndipo katundu wotere satsitsidwa panjira mwachisawawa. Mng'ono wanga anagona masiku awiri pa Mussacama akuyang'ana galimoto iliyonse yokoka ngolo, pomwe makatoni anga anali atadutsa kale usiku, ali pansi pa mafiriji ndi matilesi a eni ake.

Fainolo ija bambo anaimvera pa wailesi ya mabatire, pansi pa mtengo wa mapichesi, monga mwa masiku onse. Songo inatenga chikho. Televizioni inafika patatha masabata atatu, itazungulira Blantyre, Ntcheu, Dedza, n'kulowa kwathu pa njinga yamoto, kona imodzi ya katoni itanyowa. Ndinalipira kawiri, wa ku Joni ndi wobweza. Mpaka lero bambo akafuna kundinyoza amati televizioni yawo ndi yoyendayenda kuposa iwo, inakaonera mpira ku Limbe.

Matransipota sindikuwanyoza onse. Pa katundu wolemera, njinga, makina osokera, mbaula, palibe wina angakunyamulireni pa mtengo umene iwo amatchula. Koma osamufunsa ngati amadutsa ku Tete. Mufunseni chipata chimene amatulukira, Zóbuè kapena Calómuè, ndiponso ngati katundu wanu amulemba kuti ngwotsikira mu Mozambique, msonkho wa alifandega (a kasitomu) n'kulipiridwa pa Cuchamano. Akayamba kuyankha mozungulira, "zimenezo tisiyireni, timadziwana nawo", nyamulani katoni yanu. Amene ndimamugwiritsa ntchito pano ndi mwana wa ku Tsangano, amachedwa kunyamuka chifukwa amadikira ngolo idzaze, koma amatsitsa pa Vila penipeni ndipo risiti ya msonkho amakujambulira pa WhatsApp. Tsiku lofika lokha ndi limene sindimukhulupirira. Akati Lachisanu, ine ndimauza a kunyumba Lachisanu linalo. Mzere wa pa Beitbridge kumapeto kwa chaka sumva za fainolo.

Vuto lake n'lakuti fainolo imeneyi imagwa kumapeto kwa chaka, nthawi imene aliyense akutumiza. Mvula yayandikira kapena yagwa kale, feteleza akufunika, mbewu ya chimanga, aganyu a m'munda wa mbatatesi akudikira malipiro. Ndalama ya mpira imakwera pamwamba pa zonsezi ngati nkhuku pa mtolo wa nkhuni.

Mu 2019 Songo inabwereranso m'fainolo, ulendo uno ndi Ferroviário de Maputo. Ndinati pano ndachenjera, katundu ayi, nditumiza ndalama. Batire ija inali itafa, ndiye panafunika yatsopano, komanso kangachepe koti bambo agulire anzawo zakumwa poti mudzi wonse unali utaitanidwa. Ndinatumiza kudzera ku kampani ina yoti wolandira akatenge ndalama pa windo. Mphindi zochepa uthenga unafika. Bambo anavala jekete, anakwera chapa, minibasi ya kwathu, mpaka ku Vila, anaima pamzere, atafika pa windo anawabweza. Dzina silikugwirizana.

Apa m'pamene ambiri a kwathu timagwera, ndipo a ku Malawi amene timagona nawo m'nyumba imodzi ku Joni sazimvetsa. Ife dzina timalitchula m'Chichewa, koma pa BI, chiphaso chathu cha unzika, linalembedwa ndi dzanja la Chipwitikizi. Pamene inu mulemba ny, iwo analemba nh. Pamene mulemba k, pali c kapena qu. W wanu kumeneko ndi u, ch nthawi zina ndi tch. Ine ndinalemba dzina la bambo mmene ndimalimvera chibadwire, mtsikana wa pa windo anaona zilembo zitatu zosiyana, ndipo sindingamunene, lamulo lake ndi lomwelo. Linali Loweruka masana. Pamene ndinkamaliza kuimba mafoni okonzetsa dzina, windo linali litatsekedwa. Mkuluyo anabwerera wopanda kanthu, ndalama ya chapa yapita kawiri. Batire anakongola kwa wagolosale wa pamsika, amene ndi sapota wa Costa do Sol, ndipo ngongoleyo anaipereka ndi mawu ambiri. Mwamwayi Songo inapambananso, apo ayi sakanadutsanso pa golosalepo. Kuchokera tsiku limenelo chithunzi cha BI ya bambo ndi ya mayi zimakhala m'foni mwanga, ndipo ndimakopera chilembo ndi chilembo ngati mwana wa sukulu.

Masiku ano windo ndinalisiya. Ndimatumiza molunjika m'foni. Mukuru ndi Mama Money onse ndawagwiritsapo ntchito potumiza ku M-Pesa, ndipo onse ndalama yafika ndisanatuluke n'komwe m'sitolo mmene ndalipirira. Mukuru ndimaikonda chifukwa oda ndimapanga pa WhatsApp ndili pantchito, n'kukalipira ndikaweruka. Mama Money ndimatsegula pa apu kuti ndiyerekeze. Musandifunse kuti wotchipa ndani, chifukwa zimasinthasintha, ndipo amene amangoyang'ana ndalama yodula potumiza amapusitsidwa ndi maso ake omwe. Wina amadula pang'ono koma randi n'kuigula motsika. Ine ndimalemba ndalama imodzimodzi mbali zonse ziwiri, tinene R1,000, n'kuona kuti mameticais amene akafike kumudzi ndi angati. Kusiyana kwa pang'ono pa randi imodzi, pa ndalama ya feteleza kumakwana chapa yopita ndi kubwera.

Pali kanthu kena. Nambala ya M-Pesa ndi ya Vodacom, yoyamba ndi 84 kapena 85. Kumudzi kwathu, kuseri kwa phiri, netiweki imene imagwira bwino ndi ya Movitel, 86 kapena 87, ndipo chikwama chake ndi e-Mola. Kale zimenezi zinali mitundu iwiri yosakwatirana. Kuyambira 2022 M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zimatumizirana, ndiye ndimaponya kwa mng'ono wanga ku Vila, iye n'kukankhira ku e-Mola ya mayi. Pamadukapo kangachepe, ndipo potapa kwa ajenti amadulanso. Muziwonjezerapo kapamwamba. Mukatumiza ndendende mtengo wa thumba la feteleza, mayi anu akafika kusitolo atapereweza mameticais angapo, n'kumakuimbirani mwamanyazi.

Tsopano za pa benchi paja. Ajenti amene ndinakhala naye ali ndi kathebulo, ambulera, mafoni atatu ang'onoang'ono omangidwa ndi labala, ndi kope la masamu lolembamo. Cha m'ma 7 koloko anali ndi ndalama zokwanira. Pofika 10 koloko anali atayamba kufunsa aliyense asanakhale n'komwe: "Mukutapa kapena mukuika?" Woika amamulandira ngati mlamu, chifukwa ndiye amamubweretsera ndalama zogawira ena. Panafika agogo ena aakazi atamanga foni pa nsonga ya chitenje, mwana wawo ali ku Durban. Anapereka foni, anapereka ndi PIN yomwe, mokweza, anthu tonse tikumva. Ajentiyo anawauza kuti, "Agogo, yonseyi sindingakwanitse, tengani theka, inayo mubwere mawa." Anachokera kutali, mawa lake ndi chapa ina. Anakhala pansi n'kudikira kuti mwina wina abwera kudzaika, ndipo pamene ndinkachoka masana anali adakali pompo, akudya chinangwa chootcha. Mwana wawo ku Durban ndikhulupirira anagona mokondwa kuti ndalama inafika dzulo.

Ndiye ndalama yaikulu muziigawa pawiri, kapena muziuza a kunyumba alawirire m'mamawa, makamaka tsiku la msika ndi kumapeto kwa mwezi. Zimene zingalipiridwe pafoni pomwepo, monga Credelec (mayunitsi a magetsi) ya nyumba ya ku Vila kapena dikoda, asatape n'komwe. Mng'ono wanga amagula magetsi ali chigonere. Ndipo chonde akuluakulu athu tiwaphunzitse kuti PIN si moni. Aja mauthenga oti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" amachuluka nthawi yomweyi, podziwa kuti m'mafoni mwa anthu muli kanthu.

Ena a m'malire, cha ku Calómuè ndi midzi yoyang'anana ndi Dedza, amakonda kulandirira ku Malawi, pa Airtel Money kapena Mpamba, poti foni zawo zimakoka netiweki ya tsidya lija ndipo msika wawo ndi womwewo. Ndinayesapo. Ngati ndalamayo ikukagula zinthu tsidya lomwelo tsiku lomwelo, palibe vuto. Koma yosunga ayi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi makwacha pansi pa pilo anadzuka atasauka. Kusinthanso makwacha kukhala mameticais kwa anyamata a pachipata, pamenepo mbuzi imadyedwa kawiri.

Yopatsira munthu pamanja sindinenapo zambiri. Ndi yaulere mpaka tsiku limene adzakuuzeni kuti anamulanda panjira, ndipo poti ndi mwana wa azakhali anu, mlandu wake mudzaunyamula ndinu.

Chimandiseketsa n'chakuti timu imene bambo amaifera ndi ya ku damu la Cahora Bassa, ndipo magetsi ambiri a damu limenelo amayenda pa mawaya makilomita oposa 1,400 kukatsikira pa siteshoni ya Apollo, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Ndiye kuti ketulo yanga ku Joni mwina imawira ndi madzi a Zambezi, pomwe mwini chigawo akuonera Songo pa batire ya solala, maso ali kumitambo kuopa kuti ithera pakati pa masewero. Ngakhale bwalo la Zimpeto ku Maputo, kumene mafainolo ambiri amachitikira, lili pafupi ndi ine kuposa iwo. Ine ndi ulendo wa tsiku limodzi kudzera pa Ressano Garcia, iwo ndi makilomita oposa 1,500. Ndinawauzapo kuti chaka china ndidzawatumizira ya basi tikakumane komweko. Anati mafupa awo sangafike, ndingowagulira batire yosatha msanga.

Batire ndagula dzulo konkuno ku Vila, ndi manja anga, ndipo ndainyamula ndekha pa chapa mpaka pakhomo. Bambo anaizungulira kawiri, anaigogoda ndi chala, kenako anafunsa ngati yadzera ku Limbe.