Submariner yakale kapena yatsopano?

Osonkhanitsa mawotchi apamwamba sagwirizana pa nkhani ya Rolex Submariner, wotchi yopangidwira osambira pansi pa madzi. Ena mtima wawo uli pa yakale ya nambala 5513, yomwe inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1989. Galasi lake ndi lapulasitiki, limakandika msanga, ndipo timadontho tosonyeza maola, topakidwa mankhwala owala mumdima otchedwa tritium, timasanduka tachikasu pakapita zaka. Chodabwitsa n'chakuti kukalamba komweko ndiko kumakweza mtengo. Ikapukutidwa kwambiri kapena kusinthidwa nkhope, ogula amaipeputsa.

Yatsopano, 124060 ya mu 2020, ndi yokulirapo, mamilimita 41. Mkombero wake, wopangidwa ndi chinthu cholimba chotchedwa ceramic, susuluka, imapirira mamita 300 pansi pa madzi, ndipo imayendabe maola 70 mutaivula. Yovala tsiku ndi tsiku, ine ndingasankhe iyi, ngakhale atsopanowa amangofanana onse pomwe yakale iliyonse imasuluka mwanjira yakeyake.