Seti ya hole saw ija: mano akadali akuthwa, arbor ndiye yanditopetsa

Achimwene ena omwe amapanga mabokosi a magetsi a sola andifunsa ngati seti ya hole saw (macheka ozungulira ngati makapu, oboolera mabowo aakulu ndi drilu) yomwe ndinagula chaka chatha ikulimbabe pa aluminiyamu. Ndiyankhire pano kuti enanso amve.

Makapu ake ndilibe nawo mlandu. Ya 22mm, yoboolera mabatani a pabokosi la magetsi, ikudula bwino mpaka lero. Ya 54mm ya maloko a zitseko mano ake onse alipo. Chikesi chapulasitiki chinathyoka zotsekera, koma zimenezo n'zazing'ono.

Aluminiyamu ndi wofewa koma wamakani. Akatentha amamatirira m'mano, kapu n'kumangopukuta osadula. Mankhwala ake ndi parafini, kuyendetsa drilu pang'onopang'ono, ndi kukweza kapu pafupipafupi kuti nyenyeswa zituluke. Akakhala wokhuthala, monga wa 6mm, ndimayamba ndaboola kabowo m'mphepete mwa mzere wodulawo kuti nyenyeswa zizigwera pansi. Mano akamata kwambiri ndimawaviika m'madzi a caustic soda, yemwe uja wopangira sopo. Amadya aluminiyamu, chitsulo n'kuchisiya. Muzichitira panja, mutavala magolovesi.

Chondisowetsa mtendere ndi arbor, chitsulo cholumikiza kapu ku drilu. Kasikuluwu kogwira bit yotsogolera (kachitsulo koboolera ka pakati pa kapu) kamamasuka ntchito ili mkati, ngakhale ukamange chotani. Bit ikangothawira mkati, kapu yaikulu imasowa choiwongolera n'kuyamba kuvina pamwamba. Zinandichitikira ndikuboola bowo la 102mm la fani ya kukhitchini kwa kasitomala. Mano anakanda panelo yopaka kale utoto, chipsera chosati n'kubisa, drilu n'kundipotokola dzanja. Panelo yatsopano inatuluka m'thumba mwanga. Timapini tiwiri togwira kapu natonso n'tatifupi, timatuluka m'mabowo, ndiye kapu imadzimanga yokha pamazinga mpaka kufuna vaisi ndi bobojani kuti ichoke. Tsiku limenelo ndikanakhoza kutaya seti yonse kudzala.

Ndinabwerera kusitolo nditatenga lisiti. Mnyamata wapakauntala anati arbor sagulitsa payokha, ndigule seti ina. Eni sitolo anati ndikuikakamiza, pomwe pogula anandilumbirira kuti imadula ngakhale chitsulo chosachita dzimbiri. Mtengo wa seti yomweyo nawonso wakwera moti sindinafunsenso kachiwiri.

Mnzanga wa lathe, makina osemera zitsulo, anandisemera malo afulati pa bit kuti kasikuluwu kaziluma, ndipo panopa kumasuka kwachepa. Masiku ntchito ikamayenda ndimaikonda setiyi, chifukwa ndalama yake inabwerera kalekale pa maloko okha.

Ndiye achimwene, ngati mabowo anu sapitirira 32mm pa aluminiyamu wopyapyala, gulani step drill (bit ya masitepe yoboola masaizi osiyanasiyana) basi. Akuluakuluwa gulani makapu awiri omwe mumagwiritsa ntchito kwambiri ndi arbor yabwino yokwera mtengo, kwa munthu yemwe amagulitsa arbor payokha. Kusitolo kuja ine ndimangogulako misomali tsopano.