Anadula agogo aakazi pachithunzi, ati nkhani ndi ya msilikali

Kasitudiyo kokonza zithunzi zakale ka pa Kasungu boma pano ndakapatsa nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za bambo eni ake, osati kamnyamata kamene kamakhala pa kompyuta kaja.

Chithunzi ndi cha agogo athu awiri, chojambulidwa mu 1946 agogo aamuna atangobwera kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Iwo ali chilili mu yunifomu ya Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), agogo aakazi atakhala pampando pambali pawo. Chiswe chinadya m'mbali monse. Mtengo wokonzetsa unali K18,000 pamodzi ndi felemu.

Kupita kukatenga, ndikupeza msilikali yekha. Agogo aakazi mulibe! Kamnyamata kanawadula, ati mbali yawo inali yovuta kukonza, komanso "nkhani apa ndi ya asilikaliwa, mayi." Kakunena izi maso ali pa foni. Mtima wanga unachita kuwira.

Inde, agogo aamuna anaona zoopsa. Anayambira ku Zomba, kenako Ceylon (lero ndi Sri Lanka), ndipo mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma kulimbana ndi Ajapani, mvula ikugwa usana ndi usiku. Ankatiuza kuti malungo ndi amene anagwetsa anzawo ambiri kuposa zipolopolo. Koma zaka zonsezo ankalima ndani ku Santhe? Ankafolera nyumba ndani? Mayi yemweyo ndiye ankayenda wapansi mpaka pa boma kukalandira kandalama ka mwamuna wake, mwana kumsana. Kalata ikafika ankaitengera kwa aphunzitsi a kumishoni kuti amuwerengere, osadziwa ngati muli moni kapena uthenga wa maliro. Mwana wawo woyamba anamuika m'manda bambo ake ali kutsidya kwa nyanja. Ndiye wina angomufufuta poti wasowa chipiriro?

Phokoso langa linatulutsa eni ake. Anayang'ana chithunzi chakalecho nthawi yaitali, nkunena kuti, "Pepani mayi, talakwa." Nawonso bambo awo anali a Keyala, anamenya nkhondo ndi Ataliyana ku Abyssinia (lero ndi Ethiopia) mu 1941. Eni akewo anakhala pa kompyuta okha, osandilipiritsanso, ndipo kunena zoona ntchito yawo ndi yaukhondo. Ngakhale mizere iwiri ya ukopolo pamkono, imene sitinkaiona nkomwe, yatuluka bwinobwino. Mphini za pankhope ya agogo aakazi anazisiya mmene zinalili.

Felemu yokha ndi yopepuka, galasi limagwedera. Mukapita, funsani bamboyo ndipo musasiye chithunzi iye kulibe. Kamnyamata kaja mpaka lero sikanapepese.