Miyezi khumi ndi Galaxy A15 m'nyumba ya mafoni osiyirana ku Chilenje

Foni imene ndikuifotokoza pano ndinaigula mu Epulo 2024, ndipo pamene ndikulemba izi, mu Febuluwale 2025, yatha miyezi khumi ili m'manja mwanga, nthawi yokwanira kuti chimwemwe cha chinthu chatsopano chizilale. Sindinaigule chifukwa chakuti yanga yakale inali itafa. Amene anayambitsa nkhani yonseyi ndi amayi anga, omwe anachoka ku Katete kudzakhala nafe kuno ku Chilenje mu Lusaka kuti azionana ndi adokotala pafupipafupi. Kafoni kawo kanali ka Android 4.4, pulogalamu yakale yoyendetsa foni, ndipo kuyambira pa 24 Okutobala 2023 WhatsApp inaleka kugwira ntchito pa mafoni onse a Android yosafika pa 5.0. Kwa munthu amene nkhani za maliro, za mvula ndi za misonkhano ya amayi a Chigwirizano zimamupeza kudzera m'mauthenga a mawu, kumeneku kunali ngati kutsekedwa makutu. Pafupifupi theka la chaka ankabwereka foni ya mpongozi wawo madzulo alionse, mpaka tsiku lina anandiuza mosapsatira kuti, “Mwananga, ine ndatopa kumvera maliro a abale anga pa foni ya eni.”

Titakhala pansi ndi amayi a kunyumba tinagwirizana njira imene mabanja ambiri mu Lusaka amatsata, yakuti yatsopano igulidwe imodzi ndipo zinazo tisiyirane: ine nditenge yatsopano, yanga ipite kwa iwo, yawo ipite kwa amayi. Ndalama zinachokera ku chilimba cha kuntchito, mwezi umene unali wanga wolandira. Nditazungulira m'mashopu a mu Cairo Road ndi ku Kamwala ndinasankha Samsung Galaxy A15 ya 4G, yokhala ndi malo osungira zinthu okwana 128 GB. Chimene chinandikopa si kamera ya 50 megapixel imene wogulitsa ankaitama mosapumira, koma lonjezo la kampaniyo lakuti foniyi idzalandira Android yatsopano kanayi ndiponso zokonza za chitetezo kwa zaka zisanu. Kafoni ka amayi kanali kolimba thupi, kopanda mng'alu ngakhale umodzi, koma kanatayidwa chifukwa mapulogalamu ake anakalamba, choncho ndinaganiza kuti imene ndikugula lero ndi yomwe amayi kapena mwana wanga adzakhale nayo mu 2028, ndipo iyenera kudzakhala ikutsegulabe WhatsApp nthawi imeneyo.

Batire lake linayesedwa ndi chaka chenichenicho. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko chinatsitsa madzi ku Kariba, kumene kumachokera gawo lalikulu la magetsi athu, ndipo kuzima kwa malaiti kumene kunayamba ndi maola 8 patsiku mu Malichi kunafika poti mu Seputembala kwathu tinkawaona maola atatu okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Firiji ikangoyamba kung'ung'udza cha m'ma 2 koloko usiku, mwana wathu wamkazi, yemwe panthawiyo anali mu Giredi 11, ankadzuka n'kuthamangira ku soketi ya pabalaza ndi mafoni onse m'manja. Batire la 5000 mAh linkandifikitsa tsiku ndi theka ndikugwiritsa ntchito intaneti mwachizolowezi, ndipo ndikayatsa njira yosungira mphamvu n'kuchepetsa kuwala kwa skirini linkatha masiku awiri. Pa miyezi imeneyo foni yanga ndiyo inali tochi, wailesi ndi chogulira mayuniti a magetsi omwe sitinkawaonawo. Lero, patapita miyezi khumi, sindikuona kuti mphamvu yake yatsika moti n'kudandaula.

Pa nkhani yotchaja ndinaluza ndalama chifukwa cha umbombo wanga. Foniyi ili ndi pakamwa pa USB-C, pamene zingwe zonse za m'nyumba zinali za micro-USB, choncho chizolowezi chobwerekana chaja chinathera pomwepo. Ndinagula mutu wa chaja wotchipa kwa mnyamata wina wa mumsewu, wolembedwa 25W ndi zilembo zikuluzikulu, koma unkatentha ngati mbaula ndipo malaiti ankapita foni isanadzaze. Nditagula mutu weniweni wa 25W inayamba kudzaza pa ola limodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono, ndipo kwa munthu amene ali ndi maola atatu okha a magetsi kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Kusamutsa zinthu kuchoka pa foni yanga yakale sikunavute. Pulogalamu ya Smart Switch inakoka manambala, zithunzi ndi mauthenga, ndipo macheza a WhatsApp ndinawasamutsa pojambula kachizindikiro ka QR mafoni awiriwo atagona moyandikana patebulo. Vuto linabuka pa foni yotsiriza, ya amayi a kunyumba imene inkapita kwa amayi anga. Mwana wathu, pofuna kuti ambuya ake alandire foni yoyera, anaifufuta yonse pogwiritsa ntchito mabatani a m'mbali osayamba wachotsamo akaunti ya Google. Itayaka inakana kupitirira, n'kumafuna imelo ndi pasiwedi ya akaunti imene inalimo kale. Chimenechi si chilema koma chitetezo cha Android choletsa mbava kufufuta foni yobedwa n'kuigulitsa, kungoti ulendo uno chinatsekera kunja eni ake. Akauntiyo anaitsegula ndi mnyamata wa pashopu tsiku limene foniyo inagulidwa zaka zingapo zapitazo, ndipo amayi a kunyumba sanailembepo ndi dzanja lawo ngakhale kamodzi. Nditawafunsa anangoti, “Abambo, amene uja analemba pakapepala n'kundipatsa, koma kumene ndinakaika ndi Mulungu yekha akudziwa.” Nambala yothandizira kubweza pasiwedi inali ya SIM imene inatayika kalekale.

Foniyo inakhala m'kabati sabata yathunthu, amayi akuiyang'ana ngati nkhuku yoikira imene sakuidya mazira. Anzanga kuntchito anandiuza kuti m'tauni muli anyamata otsegula mafoni otere pamtengo wochepa, koma ndinazengereza kupereka foni imene idzasunge ndalama za amayi kwa munthu wosamudziwa. Kapepalako kanapezeka Lamlungu m'mawa, kali kopindidwa kanayi m'kati mwa chikuto cha buku la nyimbo, inki yake itayamba kufufuma moti tinakangana ngati chilembo china chinali ziro kapena O. Tinayesa kawiri, kachitatu inatseguka. Kuyambira tsiku limenelo, foni isanachoke m'manja mwa wina kupita kwa wina, timayamba tachotsamo akaunti ya Google kenako n'kuifufuta kudzera mu Settings, ndipo mapasiwedi onse analembedwa m'kabuku kamene kamakhala pamodzi ndi ma NRC athu, ziphaso za unzika zija.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwanga ndekha, ndipo kunaonekera patapita miyezi itatu. Pofuna kufulumira ndinasiya akaunti yanga pa foni imene inapita kwa amayi a kunyumba, ndipo ndinaiikanso pa ya amayi. Zotsatira zake manambala a makasitomala a amayi a kunyumba, omwe amasoka zovala, anasakanikirana ndi a kuntchito kwanga, ndipo zithunzi za masitayelo a zitenje zinadzaza pakati pa zithunzi zanga. Choopsa kwambiri chinali chakuti Google imapereka malo aulere okwana 15 GB okha pa akaunti imodzi, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 zosungidwa za WhatsApp zinayamba kuwerengedwa pa malo omwewo. Mu Julaye ndinalandira chenjezo lakuti malo atsala pang'ono kutha, ndipo akatha makalata a imelo sadzalowanso. Loweruka lina tinakhala pansi n'kutsegulira aliyense akaunti yake, tinachotsa mavidiyo pa zosungidwa za WhatsApp, ndipo tinaletsa mafoni onse kudzitengera okha zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu. Chomalizachi chinapulumutsanso bandulo, chifukwa gulu la abale lokha limatumiza mavidiyo a maukwati ndi maulaliki okwanira kumaliza bandulo ya sabata pamasiku awiri.

Zokonza za chitetezo zija zakhala zikubwera, ndipo pofika mu Febuluwale 2025 foniyi inali ikadali pa Android 14 imene inabwera nayo, ine ndikudikira yotsatira. Zina mwa izo zimakhala zolemera ma megabyte mazanamazana, choncho ndinaitchera kuti izizitenga pa Wi-Fi pokha, zomwe kwa ine zikutanthauza kuntchito. Ndinaphunziranso kusaziyamba batire lili pansi, makamaka miyezi ija ya mdima. Foni ya amayi a kunyumba, yomwe inali yanga, inaleka kulandira zoterezi kalekale, ndipo n'chifukwa chake ndinawapempha kuti apu ya banki isakhalepo.

Zimene sizinandikhutiritse n'zochepa, ndipo chachikulu mwa izo ndinachisankha ndekha. Foniyi imapezeka ya RAM (memori imene imaithandiza kuyendetsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi) ya 4 GB, 6 GB ndi 8 GB, ine ndinatenga ya 4 GB kuti nditsale ndi ya thiransipoti, ndipo ndikatsegula mapu, WhatsApp ndi Facebook nthawi imodzi imayamba yaganiza kaye isanayankhe. Ndikanadikira mwezi wina n'kuwonjezerapo. Kamera masana imajambula bwino kwambiri, moti amayi a kunyumba amabwereka foni yanga pojambula madiresi otumizira makasitomala, koma m'nyumba ya kandulo musayembekezere zambiri pa foni ya mtengo umenewu. Malo a SIM yachiwiri ndi omwewonso a memori khadi, ndipo popeza mu Lusaka ambirife timayenda ndi Airtel ndi MTN pamodzi, memori khadi yanga yakale inatsala m'kabati, ngakhale kuti 128 GB sindinaidzazebe. Kiyibodi nayo masiku oyamba inkasandutsa mawu a Chichewa kukhala Achingerezi, mpaka ndinatumizira amalume uthenga wosamveka pa nkhani ya malowolo, koma nditazimitsa chokonza mawu chija vutolo linatha.

Amayi ndiwo anandidabwitsa. Mdzukulu wawo anawakulitsira zilembo, anachotsa pa skirini zonse kupatula foni, WhatsApp ndi tochi, n'kuika zithunzi pa manambala a abale kuti asamavutike kuwerenga mayina. Pasanathe mwezi anali akutumiza okha mauthenga a mawu otalika mphindi zisanu, oyamba ndi malonje onse a pamudzi asanafike pa nkhani. Nkhawa yanga inali pa ndalama za pafoni, chifukwa mauthenga a akathyali onena kuti “tumizani ndalama ija pa nambala iyi” amafika pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ena amaimba n'kudzitcha antchito a kampani ya mafoni kuti muwauze PIN kapena manambala 6 amene WhatsApp imatumiza. Tinawaikira chitetezo chachiwiri cha WhatsApp, ndipo tinawauza kuti aliyense wofunsa manambala amuuze kuti aimbire mwana wawo. Mu Novembala wina anaimbadi ine ndili pomwepo, ndipo ndinawamva akumufunsa modekha kuti, “Kodi inu bambo, kwanu n'kuti, ndipo amayi anu akudziwa ntchito mukugwirayi?” Mnyamatayo anadula foni.

Mu Januwale amayi anabwerera ku Katete kukaona munda, atatenga foni yawo, kasola kakang'ono ndi zingwe ziwiri za micro-USB zimene zinatsala zopanda ntchito m'nyumba muno. Batire la foni ya amayi a kunyumba layamba kufufuma moti chivundikiro chakumbuyo chikutukuka, ndipo chilimba changa chotsatira chili mu Meyi. Amayi a kunyumbawo anena kale kuti ulendo uno yatsopano ndi yawo, ndipo idzakhala ya 8 GB.