Kalabu yochepetsa thupi ya pa Nchalo: uphungu wake ndi wabwino, masewera ake akufunika kukonzedwa

Pa Nchalo, chakuseri kwa msika, pali kalabu ina yaing'ono imene imalandira anthu ofuna kuchepetsa thupi, ndipo popeza anzanga a kuntchito ndi a kumpingo akhala akundifunsa ngati ndi yoyenera kulipirira ndalama, ndaganiza zolemba maganizo anga onse pamalo amodzi. Kalabuyi imayendetsedwa ndi mayi wina wachikulire amene anagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri asanapume, mothandizana ndi mnyamata wophunzitsa masewera olimbitsa thupi. Munthu akalipira ndalama ya pa mwezi amapimidwa, amachita nawo masewera m'mamawa, komanso amakhala nawo pa zokambirana za Loweruka masana. Ine ndakhala membala kuyambira nyengo yokolola chaka chatha, ndipo ndinene mosabisa kuti phindu lenileni la pamalopa lili mu zokambirana za Lowerukazo.

Tsiku loyamba Anamwino, monga mmene tonse timawatchulira, salola munthu kuyamba kudumpha asanamupime. Amayeza kulemera ndi msinkhu kuti apeze BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, imene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati ikafika 25 munthu walemera mopitirira muyeso, ndipo ikafika 30 ndiye kuti kunenepako kwasanduka vuto la zaumoyo. Amayezanso pamimba ndi tepi ya telala, chifukwa mafuta a pamimba ndi amene amayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi BP. Mayi akapitirira masentimita 88, kapena bambo akapitirira 102, chiopsezo chimakhala chachikulu. Chimene chinandipatsa chikhulupiriro ndi chakuti anandifunsa, tili awiri, za mankhwala amene ndimamwa. Anafotokoza kuti jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena, ndiponso kuti dolutegravir, amene ali mu ma ARV omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amawonjezera thupi mwa anthu ena. Amatsindika kuti palibe amene ayenera kusiya mankhwala ake chifukwa cha sikelo, ndipo aliyense amene wapezeka ndi BP kapena shuga wokwera amamutumiza kuchipatala kaye asanamulembe m'kaundula. Cholinga chimene amapatsa munthu nachonso si chowopsa: kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwake, kutanthauza kuti mayi wa makilogalamu 90 akachotsa makilogalamu 4.5 mpaka 9 wachita kale zimene zimatsitsa BP ndi shuga m'magazi.

Akamaliza kupima amakupatsani ntchito imodzi yokha ya sabata yoyamba, ndiyo kugula kope ndi kulembamo nthawi imene mwadya, chimene mwadya, ndi chimene chinali mumtima mwanu pa nthawiyo. Sakuuzani kuti musiye chilichonse. Kope langa linawonetsa kuti m'mawa ndi masana ndinkadya ngati wina aliyense, koma usiku ana akagona, ndikakhala pansi kuwerengera ndalama za fizi ndi ngongole ya banki m'khonde, ndinkaphika tiyi wa shuga wambiri ndi kudyera mandasi otsala, ngakhale kuti nsima ndinali nditadya kale n'kukhuta. Anamwino ataliwerenga anandifunsa mofatsa kuti, "Mayi, kodi usikuwu imakhala njala, kapena mumakhala mukufuna choziziritsa mtima?" Palibe amene anandifunsapo funso lotere, ngakhale kuti anthu ondilangiza kuti ndichepetse nsima analipo ambirimbiri.

Pa zokambirana za Loweruka nkhaniyi amaifotokoza mwatsatanetsatane. Munthu akakhala pa nkhawa kwa nthawi yaitali, thupi limatulutsa timadzi tambiri totchedwa cortisol, ndipo zimenezi zimawonjezera chilakolako cha zakudya zotsekemera ndi zamafuta. Kusagona mokwanira nakonso kumakulitsa njala, ndipo ife a kuno kuchigwa tikudziwa mmene tulo timasowera mu Okutobala ndi Novembala pamene nyumba ya malata imakhala yotentha mpaka pakati pa usiku. Amatiphunzitsa kusiyanitsa njala ziwirizi. Njala ya m'mimba imabwera pang'onopang'ono ndipo imalandira ngakhale mkute ndi masamba, pamene njala ya maganizo imabwera mwadzidzidzi, imafuna chinthu chakutichakuti monga tchipisi cha pa chiwaya kapena kanyenya, ndipo ikatha imasiya munthu akudziimba mlandu. Malangizo awo ndi akuti chilakolako chikafika munthu adikire mphindi khumi, amwe madzi, atuluke panja kapena aimbire foni mnzake wa m'gululi, ndipo ngati akufunabe kudya aike chakudyacho m'mbale n'kudya atakhala pansi, osati chobisala.

Ndimalemekeza kuti mayiwa sayankhula ngati kuti nkhawa zathu ndi zongopeka. M'gulu lathu muli anthu amene nyumba zawo zinagwa ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ena analandira abale ambiri pakhomo pamene Freddy anasefukiritsa Shire mu Malichi 2023, ena amuna awo amagwira ntchito ya nyengo m'minda ya nzimbe ndipo miyezi ina pakhomo sipalowa kanthu, enanso ali m'manja mwa akatapila. Palinso chinthu china chimene sindinachimvepo kwina kulikonse. Ambiri mwa ife tinakula m'zaka za njala, ndipo ena a ku Nsanje amakumbukira kudya nyika zozula m'madambo pamene chimanga ndi mapira zinakanika. Mwana amene anakula chotero amaphunzira kuti chakudya chikapezeka uyenera kudya mpaka chithe, ndi kuti kusiya nsima m'mbale ndi mwano kwa amene anaivutikira. Akakula n'kuyamba kulandira malipiro mwezi ndi mwezi, mantha aja samuchoka, ndipo amadyabe ngati mawa kulibe. Mayi wina wamalonda atamva zimenezi analira, ndipo ambiri tinamumvetsa popanda kufunsa. Anamwino amadziwanso pamene mphamvu zawo zathera: munthu amene akuwoneka kuti ali ndi vuto la kuganiza kwambiri, wosagona, wosafuna kucheza ndi anthu, amamulimbikitsa kukawonana ndi achipatala owona za matenda a maganizo m'malo momusunga m'gulu.

Nkhani ina imene amaigwira bwino ndi ya maso a anthu. Kuno munthu wonenepa amatengedwa kuti zinthu zikumuyendera, ndipo mayi wonenepa ndi umboni wakuti mwamuna wake amasamala. Munthu akayamba kutsika thupi, anthu amanong'onezana kuti wayamba kudwala, ndipo tonse tikudziwa matenda amene amakhala akutanthauza. Ine apongozi anga anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti, "Kodi mwana wanga akukuvutitsani, kapena pali chimene mukutibisira?" Chifukwa cha zoterezi kalabuyi imalola membala kubwera ndi mwamuna wake, apongozi kapena mchemwali wake pa zokambirana popanda kulipira, kuti a pakhomo amve okha chifukwa chimene mafuta achepera mu ndiwo. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyeso, pamene ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mavuto awiriwa amapezeka m'mudzi umodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, ndipo n'chifukwa chake nkhani yochepetsa thupi imafunika kuyankhulidwa mosamala kuno kwathu, osati monyoza chakudya.

Pa za kadyedwe, zimene Anamwino amanena pakamwa ndi zothandiza kwambiri. Amayambira pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene tonse tinawamva ku sikelo ya ana, ndipo saletsa nsima. Amati munthu achepetse mitanda, asankhe mgaiwa kapena ufa wa mapira m'malo mwa ufa woyera, ndipo theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, therere kapena cham'mwamba, chimene chimamera pafupifupi pakhomo lililonse kuno. Makakana ndi mlamba zikhale zowotcha kapena zophika m'malo mozikazinga m'mafuta ambiri, khobwe ndi nandolo zibwerere pa mbale, ndipo mafuta ophikira aziyezedwa ndi supuni, osati kuthira kuchokera m'botolo. Pa shuga amagwiritsa ntchito muyeso wa WHO wa magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo amatikumbutsa kuti botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 nthawi zambiri limakhala ndi magalamu opitirira 30. Kutentha kwa kuno kumachititsa kuti munthu amwe mabotolo awiri kapena atatu, kuwonjezerapo mafirizi a malambe ndi thobwa lothira shuga, osadziwa kuti wadya kale chakudya china chathunthu. Mchere nawonso amati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi.

Chokhumudwitsa ndi pepala la ndondomeko ya zakudya limene amapereka munthu akalembetsa. Likuwoneka kuti linatengedwa pa intaneti, chifukwa muli maapozi, oats, mafuta a olivi ndi zina zimene munthu ayenera kukwera mapiri kupita ku Blantyre kuti akazipeze pa mtengo woboola m'thumba, pamene masau, mapapaya ndi mbatata za kudimba sizikutchulidwamo n'komwe. Ndawonapo mamembala atsopano akuliwerenga n'kutaya mtima, poganiza kuti kuchepetsa thupi ndi kwa anthu olemera. Pepalali likutsutsana ndi zimene mwini wake amaphunzitsa, ndipo likufunika kulembedwanso.

Masewera a m'mamawa ndiye mbali yofooka kwambiri. Nthawi yake ndi yabwino, chifukwa amayamba 5 koloko dzuwa lisanatenthe, ndipo m'chigwa mmene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe palibe nthawi ina yoyenera. Koma chipinda chake ndi chaching'ono, denga lake ndi lamalata ndiponso lalifupi, mawindo ndi ochepa, ndipo magetsi akazima fani imodzi imene ilipo imaima. Madzi akumwa palibe, aliyense amabwera ndi ake. Mphunzitsiyo ndi waulemu ndi wakhama, koma amapereka masewera ofanana kwa mtsikana wa zaka 25 ndi kwa mayi wa zaka 55 amene mawondo amamupweteka, ndipo kudumphadumpha pa simenti kwachititsa amayi angapo achikulire kusiya. Munthu wolemera kwambiri amafunika kuyamba ndi kuyenda ndi masewera osagwedeza mawondo. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, ndipo kuyenda mofulumira kwa mphindi 30 masiku asanu kumakwanira. Enafe tinagwirizana zoyenda pagulu m'mbali mwa msewu kukangocha, ndi kusiya kukwera kabaza pa maulendo aafupi a kumsika nthawi ya m'mawa, ndipo zimenezi zandithandiza kuposa za m'chipindamo.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi tiyi wochepetsa thupi amene mamembala ena amagulitsa pakhomo la kalabuyi ndi pa gulu lathu la WhatsApp. Anamwino sagulitsa nawo ndipo amanena poyera kuti sawukhulupirira, koma sanaletse malondawo, ndipo obwera kumene amaganiza kuti ndi gawo la ndondomeko. Ambiri mwa matiyi otere amakhala ndi zotsegula m'mimba monga senna kapena zokodzetsa. Zili ngati kufinya chovala chonyowa: chimapepuka chifukwa madzi atuluka, koma nsalu ndi yomweyo. Mafuta sachoka, ndipo kutaya madzi m'thupi m'dera lotentha ngati lino, makamaka kwa munthu amene akumwa mankhwala a BP, ndi koopsa. Pamenepa pakufunika lamulo lomveka.

Funso lalikulu kwa ine ndi lakuti kusinthaku kumakhalitsa kapena ayi, chifukwa n'zodziwika kuti anthu ambiri amene amachepetsa thupi amabwereranso pakapita zaka zingapo. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anawonetsa kuti anthu amene anathandizidwa kutsitsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuchita masewera mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi magawo 58 pa 100, koma anthuwo ankatsatiridwa ndi alangizi kwa nthawi yaitali. Kalabu yathu ilibe njira yotsatirira munthu amene wasiya kulipira. Ukasowa mwezi umodzi chifukwa cha maliro, ukwati kapena fizi, palibe amene amakuimbira, ndipo imeneyo ndi nthawi yeniyeni imene kudya kwa nkhawa kumabwerera. Mtengo wa pa mwezi ndi wotheka kwa mphunzitsi kapena kalaliki, koma ndi wolemera kwa mayi wogulitsa tomato, ndipo a ku Ngabu, Bangula kapena kutsidya kwa Shire sangakwanitse kufika m'mamawa. Abambo ndi ochepa kwambiri, ngakhale kuti mimba za mowa ndi kanyenya tikuziwona tsiku ndi tsiku pa siteji.

Kumbali yanga, thupi latsika pang'onopang'ono, linaima kwa kanthawi nyengo ya Khirisimasi, kenako linayambanso kutsika. BP yanga yakhazikika, mawondo sakupwetekanso ndikamakwera masitepe, ndipo tiyi wa usiku uja ndimamwa mwa apo ndi apo, wa supuni imodzi. Amene akufuna kuyesa apite Loweruka kaye, atenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo afunse ngati angalipire zokambirana zokha popanda masewera, chifukwa mayi wina wa m'gulu lathu atapempha anamulola pa mtengo wotsikirapo. Amene ali ndi vuto la mawondo, mtima kapena msana asalowe m'chipinda chodumphira asanawonane ndi dokotala, ndipo aliyense akane tiyi wa pakhomo uja ngakhale womugulitsayo atakhala mnzake wa kumpingo.